Chovala Chimene Chinkadikira Replika

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndinaipeza nditatopa ndi kugulitsa zitumbuwa pamalire ku Mandimba, dipuloma ili phee m'sutikesi. Msuweni wanga ndiye anamva kuti kachipatala kena m'boma la Ngauma, kuseri kwa Massangulo, kakusowa namwino wa amayi ndi ana, poti aliyense ankakana kutchireko. Ine sindinafunse kawiri. Ndinakulunga mphasa, n'kukwera shapa, minibasi ya kuno.

Tinalipo awiri basi, ine ndi shefi wanga, mkulu wa pachipatalapo, Mayi Lusinda. Sanali munthu woipa ayi, koma maphunziro owonjezera, amene timati formasau, ankapitako okha. Lamulo linali loti wochokera ku formasau achite replika, ndiye kuti aphunzitse wotsala zimene waona. Koma replika ya kwathu inali ya mawa. Lero odwala achuluka, mawa atopa ndi ulendo, mkuja kwabwera alendo. Zinkandiwawa, koma mwana wa dzulo pantchito ungatani?

Ulendo wina anabwera kuchokera ku Cuamba ndi chovala cha mphira cha zigawo zomata. Anati n'chomanga mayi amene akutaya magazi atabereka, kuti magazi otsalawo athamangire kumtima ndi kumutu mpaka akafike kuchipatala chachikulu. Anachipinda n'kuchiika m'kabati.

"Usachikhudze, mwana wanga, mpaka ndikuonetse. Ukamanga molakwika umapha munthu."

Asanandionetse, anaitanidwanso ku Cuamba, ku formasau ya malungo.

Inali nyengo yokolola, dzuwa lili pamutu, pamene Che Saide, mlimi wa mudzi wapafupi, anabweretsa akazi awo, Mayi Amina, pamachira. Anali ataberekera panjira. Khanda linkalira bwinobwino, koma zitenje za mayiyo zinali zitanyoweratu ndi magazi. Ndinawabaya okisitosina, jakisoni woletsa kutaya magazi, ndinaona kuti nsengwa yatuluka yonse, ndinaika soro, madzi a diripi aja, mikono yonse iwiri, ndinasisita chiberekero mpaka dzanja langa kuchita dzanzi. Magazi anachepa, koma osaleka. Nditaitanitsa ambulansi anati yapita ndi wodwala wina, tidikire. Ndikagwira pamkono, mtima unkamveka patalipatali.

Ndinatsegula kabati n'kutulutsa chovala chija. Zigawo zake zinali ndi manambala, inde, koma chiti n'cha mwendo, chiti n'cha mimba, ndikoke mpaka pati? Ndinaimbira Mayi Lusinda, foni yozima, ali m'kalasi. Mawu awo aja anandimanga manja. Ndinaima pamenepo chovala chili m'manja, Che Saide akundiyang'ana pakhomo ngati ndikudziwa chochita.

Mayi Amina anatsegula maso n'kuchiona.

"Anamwino, ndikuzizidwa. Ndifunditseni chimenecho."

Ndinawafunditsa. Anatisiya ambulansi ili m'njira, ndipo abale awo, monga mwa mwambo wa Chisilamu, anawaika m'manda dzuwa lisanalowe. Che Saide anandithokoza kuti ndayesetsa. Kuthokoza kumeneko kumandipwetekabe mpaka lero.

Mayi Lusinda atabwera n'kumva, anangokhala pansi. Formasau yotsatira anatumiza ine. Ku Cuambako mphunzitsi anagoneka mnzathu wina patebulo, n'kuyamba kumumanga chovala chonga chija ku akakolo, kukwera m'miyendo, m'chiuno, kutsiriza ndi kampira kopanikiza pamchombo. Anamaliza tiyi wanga asanazizire. Kungoti basi, zonse n'zomwezo? Anzanga anaomba m'manja, ine ndinatuluka kukalira kuseri kwa kalasi.

Pano shefi ndine, pachipatala china ku Mitande kuno. Ndikatsika shapa kuchokera ku formasau sindipita kunyumba. Ndimaitana onse, ngakhale wosesa ndi mlonda, chikwama chili paphewa, ndipo aliyense amagwira chipangizocho ndi manja ake mpaka azolowere. Atsikana atsopano amadandaula kuti amayi awa sadziwa kupuma, bwanji osadikira mawa. Ndimangotulutsa chovala chija n'kuwauza kuti ine ndinachifunditsapo munthu ngati bulangete.