Chikuta cha m'nyumba ya malata

Mwana wanga woyamba anabadwa mu Okutobala. Mwezi umenewo kuno ku Balaka nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, mapiko atagwa. Madzi a m'ndowa amafunda okha, ukhoza kusamba osawatereka pamoto.

Ine kwathu ndi kwa Mposa. Kuno kufupi ndi Phalula ndinabwera chitengwa, ndipo mpaka lero ndikamalankhula ndi apongozi anga ndimayang'ana pansi. Amuna anga nthawi imeneyo anali ku Joni. Asanapite anamanga nyumba ya njerwa zootcha n'kufolera malata, yopanda siling'i. Magalasi a m'mawindo anali asanagule, choncho mipata yake anaitseka ndi njerwa ndi dothi, monga amachitira ambiri kuno. Pakhomo ponse nyumba ya malata inali yokhayo.

Nditatuluka kuchipatala, apongozi anati chikuta ndichitire m'menemo, ine ndi mwana osatuluka mpaka mchombo utagwa.

"Mdzukulu wanga ayambire m'nyumba ya udzu bambo ake atamanga ya malata? Anthu adzati chiyani?" anatero.

Anamuveka okha chipewa cha ulusi, masokosi ndi juzi, n'kumufunditsa sholo yokhuthala imene bambo ake anatumiza. Anati mphepo ikalowa pa liwombo mwana amadwala. Chitseko anati chizikhala chotseka kuti odutsa asamuone.

Iwo ankabwera kudzationa m'mamawa ndi madzulo. Masana onse ankakhala kumsewu pansi pa mtengo, kugulitsa tomato. M'nyumbamo masana anali asanalowemo.

Dzuwa likafika pamutu malata ankalira okha, thethethe, ngati wina akuponyapo timiyala. Ndinkawaza madzi pansi, n'kunyowetsa chitenje n'kudzifunditsa m'mapewa. Chinkauma ndisanamalize kumwa phala. Mwana anayamba ndi kulira. Kenako m'khosi ndi kumsana munatuluka tizidzolo tofiira. Kenako anasiya kulira, ankangogona. Ndikamupatsa bere ankayamwa pang'ono n'kulavula. Thewera limene ndamuveka m'mawa ndinkalipeza louma madzulo. Chimene chinandiopsa n'chimenecho.

Ndinkakonza mawu oti ndiwauze apongozi. Akalowa madzulo n'kufunsa kuti taswera bwanji, ndinkangomva pakamwa panga pakuti, "Taswera bwino, amayi." Nthawi imeneyo kunja kumakhala kutayamba kuzizira, mwana atatsegula maso, ndipo iwo ankaikonza sholo ija bwinobwino n'kumapita.

Tsiku lina ndinatenga mpeni n'kukanda dothi la pawindo la kuchipinda mpaka njerwa imodzi inatuluka. Mphepo imene inalowa inali yotentha nayonso, koma inali mphepo. Ndinakhala pansi pa bowolo ndi mwana.

Chakudya cha masana ankandibweretsera mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, mayi wa ana awiri amene pakamwa pake sipapuma. Tsiku limenelo m'malo mosiya mbale pakhomo analowa mpaka kuchipinda.

"Mayo ine! Alamu, achimwene anamanga nyumba kapena uvuni wa masikono? Kamwanaka mukufuna kapse mbali zonse?"

Anaona bowo lija.

"Eee, mwayamba kale kugumula? Mwangobwera dzulodzuloli. Ndikuimbira ku Joni."

Anaseka, n'kulowetsa dzanja m'sholo. Kuseka kunathera pomwepo.

"Amayi mwawauza?"

"Iyayi."

"Chifukwa?"

Ndinangoyang'ana pansi.

"Inu ndi manyazi anuwo. Komanso amayi aja ukawauza amati ana a masiku ano. Dikirani."

Anatuluka n'kulunjika kumsewu. Ndinamva pambuyo pake kuti anakawauza kuti mchombo ukuoneka mwachilendo, abwere adzauone pompano, tomato asiyire anzawo.

Apongozi anafika akupuma mwamphamvu. Analowa n'kutseka chitseko, poti lamulolo linali lawo lomwe. Anakhala pamphasa, n'kuuyang'ana mchombo. Unali bwinobwino. Sanadzuke. Thukuta linayamba kutsika kuchokera mumpango, kudutsa m'masaya, n'kumadontha pachibwano. Anapempha madzi, atalawa anabweza kapu poti anali ofunda.

Mlamu anali kunja, akulankhulira pabowo lija.

"Khalani kaye amayi, musafulumire. Nyumba ya mwana wanu imeneyo, ya malata. Anthu aone."

"Iwe, tseka pakamwa."

Anatembenuka kuyang'ana kumene mawuwo ankachokera.

"Njerwayi wachotsa ndani?"

"Ndine, amayi."

Anandiyang'ana. Ine maso anali pamphasa, koma poti pakamwa panali patatseguka kale ndinapitiriza. Ndinati mwana sakuyamwa. Ndinati thewera ndi la m'mawa ndipo silinanyowe. Iwo analigwira, n'kugwiranso m'khosi mwa mwana.

"Ife chikuta tinkachitira m'nyumba za udzu," anatero, osati kwa ine kwenikweni.

Vuto linali lakuti mchombo unali usanagwe, ndipo mwana sankayenera kutuluka. Apongozi anaimirira. Kenako anatuluka, n'kuthamangitsa aliyense amene anali pabwalo, ngakhale apongozi aamuna amene ankasoka mphasa pansi pa mango. Anatenga zitenje ziwiri. Chimodzi anagwira iwo ndi mlamu mbali iyi ndi iyo, chikulendewera ngati katani. China anandifunditsa kumutu pamodzi ndi mwana. Tinadutsa pabwalo chotero, ine ndikungoona mapazi anga ndi mchenga umene unkandiotcha, mpaka m'nyumba mwawo ya udzu.

"Sanatuluke ameneyu," anatero titalowa. "Amene wamuona anene."



M'menemo munali mdima pang'ono, mphepo ikudutsa pakati pa khoma ndi denga. Madzi a mumtsuko anali ozizira mpaka kumva m'mano. Apongozi anamuvula mwana sholo, juzi ndi masokosi, n'kumupukuta ndi kansalu konyowa. Nditafuna kuchotsa chipewa anandigwira dzanja.

"Chipewa iyayi."

Chinatsala. Ine anandiikira kapu pafupi, nati ndizimwa ngakhale ndilibe ludzu. Dzuwa litapendeka mwana anagwira bere n'kuyamwa mpaka kulefuka. Chakumadzulo ananyowetsa thewera, n'kunyowetsanso chitenje cha agogo ake amene anamunyamula. Mlamu anati ndiye moni wake ameneyo.

Mchombo unagwera m'nyumba ya udzu momwemo. Amuna anga ataimba foni n'kumva, anadandaula kuti anavutikira chiyani malata aja. Apongozi anandilanda foni.

"Ukabwera udzagonemo wekha masana, chitseko chotseka. Ukadzatuluka tidzakambirana."

Tinabwerera m'nyumba ya malata mvula itagwa. Magalasi anabwera patapita nthawi, koma siling'i mpaka pano kulibe. Okutobala akafika ndimaphika m'mawa, n'kutunga madzi dzuwa lisanakwere, ndipo masana ine ndi mwana timakayala mphasa m'nyumba ya apongozi. Iwo amakhala ali kumsewu. Chitseko amangochikoka osakhoma.