Mabedi a Magetsi ku West Bay

Mng'ono wanga anabadwa ndi khungu lachialubino. Kuyambira ali wakhanda tinkamubisa ku dzuwa, ngakhale kumunda sankapita. Nditamupezera ntchito kuno ku Doha mtima wanga unakhala pansi, chifukwa kuhotela ya ku West Bay ankakhala m'nyumba tsiku lonse.

Ntchito yake inali yopukuta mabedi a magetsi amene azungu amagonamo kuti khungu lawo lidereko. Makasitomala akachoka, nayenso ankagonamo pang'ono.

Lachisanu lina anandionetsa mkono. "Achemwali, taonani! Posachedwa anthu asiya kufunsa ngati ndifedi a mimba imodzi."

Mkonowo unali wofiira ngati wapsa ndi madzi otentha, koma ine ndinaseka n'kumuuza kuti wayamba kufanana nane. Ndinkaganiza kuti choopsa ndi dzuwa la panja lokha. Sindinkadziwa kuti nyali za m'mabedi amenewo zimawotcha khungu chimodzimodzi.

Kenako pakhosi pake panatuluka chilonda chosapola. Adokotala anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo inali itafalikira kale. Anakamwalirira kumudzi.

Ine ndikadali pa ntchito yanga ya m'nyumba ku Al Waab, kuno ku Doha, ndikuchapa ndi kusita. Amayi ndikawaimbira foni amafunsabe ngati mwana wawo ankavala chipewa kunoko. Ndimawayankha zoona, kuti ankavala tsiku lililonse.