Mapiritsi a m'Mfundo ya Chitenje

Ndinkagona chiimire ndikuthyola tiyi, dengu lili kumsana, mpaka akapitawo anandichenjeza kuti ndikangogonanso, ntchito yatha. Kuchipatala adokotala anati si ulesi koma matenda, ndipo anandipatsa mapiritsi othamangitsa tulo. Mutu unkawawa poyamba, koma mapiritsiwo anandithandizadi.

Sabata lina amayi abusa anandiimiritsa pamaso pa mpingo.

"Taonani Mayi Makwinja! Tinawapempherera, pano saodzeranso. Mankhwala munamwapo, mayi?"

"Ayi, ngakhale pang'ono," ndinatero, mapiritsiwo ali m'mfundo ya chitenje changa.

Mpingo wonse unati "Ameni!"

Bodza limenelo limandichititsabe manyazi. Koma mapiritsi sindisiya, ndipo m'mawa uliwonse ndimamwa. Wofuna kundiweruza ayambe kaye wandidyetsera ana.