Timatumba Tomwe Ndinamanga Tapezeka ku Chipata

Anzanga, a Jonasi ndinakumana nawo pa mkeka, kuseri kwa tchalitchi chathu kuno ku Mlonyeni, mu February chaka chino cha njala cha 2002. Mundikhululukire pomwe sizikumveka. Sukulu ndinalekeza sitandade 6.

Dzina langa ndine Luwiza. Ndili ndi mwana mmodzi, Mayamiko, wa zaka ziwiri. Bambo ake anapita kukafuna ganyu mwanayu asanabadwe, mpaka lero zii.

Njala itafika pomadya zitsa za nthochi, mpingo unalandira matumba a likuni phala. Amayi tinadzipereka kumapakira m'timatumba ta makilo awiriawiri, abambo n'kumanyamula pa njinga kupititsa m'midzi. Mwana aliyense wolembedwa anali ndi khadi. Mayamiko analembedwa chifukwa mapazi anali atatupa, tsitsi litafiira.

Tsiku loyamba, bambo wina wamtali, a Jonasi amenewa, ananyamula kathumba kanga n'kukatembenuza.

"Wamanga aka ndani? Mesa ndi fodya uyu!"

Amayi onse anaseka. Ine ndinakulira ku esiteti, makolo anga anali matenanti. Ndimamanga mmene timamangira fodya: kukulunga katatu, nsonga n'kuilowetsa pakati. Enawo amangomanga mfundo wamba.

"Ndine, achimwene. Ngati kwalakwika masulani."

"Ayi amake mwana, timeneti ngakhale njinga itagwa sititayika."

Kuyambira apo ankangosankha timatumba tanga. Pobwerera ankatikweza pa keliyala ine ndi Mayamiko. Tsiku lina anamubweretsera nzimbe, mwana anaseka koyamba patatha miyezi iwiri. Anzanga, mtima wanga unagwera pomwepo.

"Luwiza, ndili serious. Tikakolola ndituma ankhoswe."

Ndinavomera...

Mu March anandikokera pambali.

"Kumalire kuja kuli nkhalamba zomwe sizinalembedwe. Dzulo aika mmodzi. Iwe sungamange timatumba khumi tapadera, n'kuika pansi pa chitenje chako? Ine ndikawapatsa."

"Bwanji osauza amayi Filomena?" Amenewa ndi apampando a komiti yathu.

"Aaa, akomiti mpaka akhale pansi, anthu atatha! Mulungu amaona mtima, osati list."

Ndinachita. Lachiwiri lililonse, masabata anayi. Ndinkachita kupemphera pomanga, kuti agogo amenewo apulumuke.

Dzana amayi Filomena anandipeza ndikuchapa kuchitsime. Anali atangobwera kumaliro a mlamu wawo ku Chipata. Anadikira amayi ena achoke, kenaka anatulutsa kathumba m'chikwama n'kukaika pamwala.

"Luwiza, ichi n'chiyani?"

Ndinakazindikira pomwepo, kamangidwe kanali kanga.

"Ndagula pamsika ku Chipata. Phala lathu, ndagula ndi manja angawa! Mayi wogulitsayo anali nato timatumba mbwee pathebulo. Ndiuze, m'parishi muno amamanga chonchi ndani?"

"Amayi, ine anandiuza kuti n'za nkhalamba..."

"Anakuuza ndani?"

Ndinatchula. Anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, wogulitsayo ndinamufunsa komwe amapeza. Mayiyo akuti: amuna anga amabweretsa pa njinga kuchokera ku Malawi, amadzera njira zam'munda. Amuna anga a Jonasi."

Amuna anga!

Ndinasiya zochapa pomwepo, Mayamiko kumbuyo, kuthamangira komwe amakonzetsa njinga. Ndinawapeza akupopa tayala.

"A Jonasi, nkhalamba zija zili kuti?"

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mayi, lankhulani bwino pali anthu pano. Ine ndimanyamula zomwe ndapatsidwa. Pa kathumbako pali dzanja la ndani, langa kapena lanu?"

Mayi. Lanu. Munthu yemwe ankanditchula iwe, ankagwira mwana wanga pamiyendo.

Dzulo anthu akuti anawaona akulowera ku Mwami, pa boda ya Zambia, ndi katundu wawo yense.

Tsono mantha anga ndi awa, anzanga. Tsiku loyamba lija tonse tinagwirizana pamaso pa abambo mfumu kuti wopezeka ataba, banja lake lichotsedwe pa list. Ine ndinakweza nawo dzanja. Amayi Filomena atenga khadi la Mayamiko, akuti likhale kwa iwo mpaka komiti ikumane Lamlungu ikatha misa.

"Sindingakubise, Luwiza. Ana makumi anayi aphonya phala chifukwa cha iwe. Ena mwa iwo ukuwadziwa."

Ndikuwadziwadi. Mwana wa a Stelia, anzanga a m'kwaya, tinamuika sabata yatha. Kaya kathumba kake kanali mwa timeneto, sindidzadziwa.

Phala latsala m'nyumba muno ndi la lero ndi mawa. Chimanga kumunda chikadali chanthete. Mapazi a Mayamiko anali atangoyamba kuphwa, m'mawa uno ndawadina ndi chala kasanu konse kuti ndione ngati pakutsala dzenje.

Lamlungu sindikakana chilichonse. Ndikagwada pakati pa amayi onse, ndikanena ndekha zonse, za chitenje, za masabata anayi. Andichotse m'kwaya, andiletse kulandira Ukaristia, anditche wakuba mpaka imfa, ndavomera. Ndikangopempha chimodzi: khadi lija alipereke kwa mayi wina aliyense, azimudyetsa Mayamiko pakhomo pake, ine ndisakhudze ngakhale supuni.

Atsikana anzanga, mwamuna akakuuza kuti chabwino ichi tichite mobisa, thawa. Iye ali ndi njinga ndi dziko lina lothawirako. Iwe uli ndi mwana kumsana.

Mundipempherere mwanayu. Sanabe kanthu.