Ndinatengera Majumbo ku Nathenje

Ndinanyamuka ku Mitundu dzuwa lisanawawe, nditasenza matumba awiri odzaza majumbo. Bambo akunyumba ndinawasiya akunola nkhwangwa. Anandiuza mosapsatira kuti ndikabwera chimanjamanja, mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ugwa, chifukwa nkhuni kwathu zinatha kalekale, makala anakwera mtengo, ndipo mandasi amene ndimagulitsa pamsika sapsa ndi dzuwa. Koma mtengowo ndi umene umagoneka ana anga ndi kanthu m'mimba ufa ukatha mu Disembala. Chaka chino wabereka kwabasi, timango tikadali tating'ono.

Amene anandilimbitsa mtima ndi mnzanga wogulitsa tomato, yemwe anamva kuti ku Nathenje kuli gulu lopanga makala kuchokera ku majumbo. Ine ndinangoti basi, n'chigayo chimenecho: upita ndi chimanga chako, ubwera ndi ufa wako. Ndinatola majumbo msika wonse mpaka anthu kumanong'onezana kuti Nambewe mutu wasokonekera. Ndinawachapa pa mjigo, kuwayanika pachingwe, n'kuwapinda bwinobwino. Kwa eni ake supita ndi zinthu zauve.

Pa minibasi kondakitala anandilipiritsa K2,500, n'kunena kuti matumbawo alipirenso mpando wawo. Ndinamuuza kuti awanyamule aone kupepuka kwake, iye n'kuyankha kuti galimoto siwerenga kulemera, imawerenga malo. Ndinalipira ndikumutukwana chamumtima. Bambo wina amene ndinakhala naye mpando umodzi atamva zimene ndanyamula anaseka mpaka kutsokomola, amvekere anzanu amapita ndi fodya ku tauni, inu mwasankha zinyalala. Ndinkangoyang'ana pawindo: minda ya zitsa zokhazokha, njinga za makala zili mdipiti kulowera ku Lilongwe, ndi majumbo ena okodwa paminga amene mtima unkandiwawa kuwasiya.

Ndinatsika pamphambano ya Bunda, n'kudya chinangwa chophika ndi thobwa poyembekezera galimoto ya ku Dedza. Ya kumeneko inandithinitsa pakati pa matumba a feteleza, mwendo mpaka kuchita dzanzi. Pofika ku Nathenje dzuwa linali paliwombo.

Wa kabaza ananditula pa shedi ya malata kuseri kwa nyumba za anthu. Fungo linandilandira ndisanaodire. Ndinapeza mayi wina wa msinkhu wanga, a Phiri, atamanga kansalu kukamwa. Anandipatsa mpando, n'kundionetsa ntchito yonse: majumbo amawadula, kuwasungunula mumgolo, kusakaniza ndi utuchi, kenako kuthinira m'chikombole. Zotulukamo zinali zakuda, zolimba ngati tinjerwa. Nditagwira kamodzi ndinaona ngati mtengo wanga wapulumuka, moti ndinamasula matumba anga ndikumwetulira n'kufunsa kuti ndidikira nthawi yaitali bwanji.

A Phiri anatola jumbo limodzi lopindidwa, n'kulinunkhiza. Atamva sopo anandiyang'ana mwachisoni. Anati matumba anga awiriwo akasungunuka sangadzaze n'kabeseni komwe. Zimenezo sizinandiopse, pang'onopang'ono ndi mtolo. Kenako anandifunsa kuti ndikufuna kukachita nawo chiyani, ndipo ndinawauza za mandasi.

"Ayi mayi, awa si ophikira," anatero. "Timagulitsa kwa anthu a ng'anjo zikuluzikulu m'tauni, za chumuni chachitali. Mukakazingira mandasi, mudyetsa anthu poizoni, ndipo woyamba kudwala ndi inu wokhala pamoto."

Ndinakana. Ndinati majumbo timakolezera moto tsiku ndi tsiku kwathu, palibe anafa. Ndinawachonderera kuti angondipatsa, za utsi ndikaona ndekha. Iwo sanalimbane nane. Anatenga kachidutswa, kukaika pa mbaula panja, n'kuyatsa. Kanayaka bwino, moto wake wamphamvu woti mafuta akanawira msanga, ndipo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Utsi utanditembenukira, maso anatuluka misozi, pakhosi panawawa ngati ndameza tsabola. Ndinakumbukira kuti pokazinga ndimakhala nditabereka wamng'ono kumsana. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

Majumbowo ndinawasiya. Kangachepe kamene anandilipira pa majumbowo kanathera kwa kondakitala woyamba pobwerera. Ulendo wobwerera sindikuukumbuka bwino, kupatula kuti pamphambano ndinafunsa mtengo wa thumba la makala, n'kungochokapo osatsazika.

Ndinafika pakhomo dzuwa likulowa. Ana anali pansi pa mango akugenda timango taanthete, ndipo sindinawakalipire monga mwa masiku onse. Bambo anali pakhonde. Anayang'ana manja anga opanda kanthu. Nzeru zatsopano zilipo ndithu, ndaziona ndi maso angawa, koma amene anaziganiza sanali kuganiza za mbaula ya munthu ngati ine.

"Dulani," ndinawauza. "Koma muyambe ndi nthambi za kumadzulo, sizinabereke kwambiri."

"Nanga zikatha zimenezo?"

Ndinalowa m'nyumba kukakanda ufa wa mawa. Ndisanathire yisiti, nkhwangwa inali itayamba kulira.