Nyemba za mlongo wanga ndi madzi a pa mpope

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa ku mlandu wa nyemba. Musaseke, awerengi, nyemba zenizenizi zinatsala pang'ono kuthetsa ukwati.

Mlongo wanga Anastaziya adakwatiwa chaka chatha ndi a Yosefe, oumba njerwa ku mishoni ya kumunsi, cha ku Kaphuka. Kwathu ku Chongoni mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, koma alamu angawo adapempha chitengwa chifukwa cha ntchito. Ine monga nkhoswe ndidavomera, ndiponso mokondwa, pakuti kumeneko azibambo adakumba chitsime chakuya naikapo mpope. Ukangopotokola, madzi phwaa! Mulibe chule, mulibe tsamba. Ndidati mlongo wanga wapuma, sadzakweranso phiri ndi mtsuko pamutu.

Tsono Lachiwirilo apongozi ake aakazi a Anastaziya anandikhazika pamphasa, nandiikira mbale ya nyemba patsogolo.

"Ankhoswe, talawani. Zakhala pamoto kuyambira m'mawa izi."

Ndinaluma imodzi. Gwa, ngati nsangalabwi.

"Mwana wanuyu adalangizidwa koma? Nyemba sizipsa. Nsalu akachapa zimangoti mbuu, sopo amangotha thovu osaoneka. Mumtenge akaphunzire, zikakanika akhale konko."

Anastaziya anali chapakhomo, maso pansi. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mwana ameneyu kwathu ankaphika nyemba zoti ukangozikhudza ndi chala zimaphwanyika. Ndinapempha kuti andidikire mpaka Loweruka.

Ndili m'njira ndinakumbukira madzi amene anandipatsa nditafika. Oyera ndithu mbee, koma olemera pakhosi, kamchere kotsalira palilime, ndipo ludzu linali pomwepo. Ndinakumbukiranso zoyera zomatirira m'kati mwa mphika wake. Ndinati ayi, wolakwa si mlongo wanga.

Loweruka m'mawa ndinakwera ku kasupe wathu, uja amatuluka m'thanthwe patsinde pa mkuyu. Ndinadzaza chipanda, n'kutseka ndi masamba, n'kusenza paphewa. Amayi a m'mudzi anandiseka mpaka kugwira nthiti.

"Aphunzitsi, akunyumba athawa kodi?"

Ndinangowasiya. Maganizo anga anali akuti Anastaziya aphikire nyemba madzi akwathu, apongozi akewo alawe, mlandu uthere pomwepo.

Ndinampeza ali yekha kuseri kwa nyumba, akusankha nyemba m'lichero.

"Achimwene, m'chipandamo muli chiyani?"

"Madzi a pamkuyu. Uphikire ndiwo, anthu aone."

Anachotsa masamba aja, nanunkhiza. Kenaka anatenga chikho. Anamwa choyamba osapuma, natunganso chachiwiri. Ine ndinafuna kumletsa, pakuti umboni wanga unali kutsikira m'mimba, koma nditaona misozi ndinamuleka amwe.

"Akadali ozizira," iye anatero. "Mkuyu uja wabereka chaka chino? Anaphiri amalawirirabe kukatunga anzawo asanadzuke?"

Ndinamuuza kuti zonse zilipo monga adazisiyira.

"Kuno, achimwene, umangopotokola, mtsuko wadzaza kale, wina ali kumbuyo kwako kudikira. Kwathu kasupe amachedwa, ndiye timakhala pamwala n'kumacheza. Kuno sindinakhalepo pansi ndi mkazi mnzanga."

Tili pomwepo anatulukira mayi wina woyandikana nawo, atamva kuti kwabwera mwamuna wosenza madzi. Nditawafotokozera, anagwira pakamwa.

"Ogo! Inu mtengwa, simuthira chidulo? Madzi a pa mpopewa nyemba sizimva popanda madzi a phulusa pang'ono. Tonse timatero."

"Nanga bwanji simunamuuze chaka chonsechi?" ndinafunsa, ndipo ndinali nditapsa mtima ndithu.

"Tinkati akudziwa. Munthu wamkulu n'kumuuza zophika nyemba?"

Mwamva, awerengi? Ngakhale apongozi aja amathira chidulo, koma dzanja lidazolowera mpaka adaiwala kuti limatero. Amene adazolowera madzi a pamalo saona kuti ali ndi khalidwe lakelake. Mlendo akalephera timati ndi waulesi, sadalangizidwe, kwawo sadziwa kulera. Timathamangira kuitana ankhoswe m'malo mongoyenda pang'ono n'kunena kuti, "Mnzanga, madzi athu ndi otere."

Mudzati safunsa adadya phula. Zoona. Koma akadafunsa kuti? Mkazi wachilendo sagogoda pakhomo la eni kukafunsa za mphika. Zotere zimamveka kumadzi, pamene wina akukusenzetsa mtsuko, wina akukukonzera nkhata.

Sindikunyoza mpope. Ana a kumeneko samwa matope ngati a kudambo, ndipo ndikadakonda kuti midzi yambiri ikhale nayo. Koma tikamasamutsa mwana timafunsa za munda, za nyumba, za khalidwe la mwamuna. Ndani adafunsapo za madzi amene azikamwa moyo wake wonse? Ine sindidafunse. Ndidangoona kuyera kwake.

Nyemba zinaphikidwa tsiku lomwelo, madzi a pa mpope omwewo ndi kachidulo. Apongozi analawa, natafuna, nati, "Lero ndiye bola." Za kumtenga sanazitchulenso, ndipo a Yosefe anandiperekeza akuseka.

Potsanzikana ndinafunsa chipanda changa. Anastaziya anandikokera m'nyumba. Anali atachibisa pakona, kuseri kwa mtanga, atavundikira ndi nsalu. Madzi anali atatsala ochepa pansi.

"Chisiyeni, achimwene. Ndizimwa pang'onopang'ono." Kenaka anati, "Akatha mudzabwera nawo ena?"

Ndinavomera ndi mutu. Koma ndikukwera phiri kubwerera kwathu, phewa lili lopepuka, mtima ndiwo unalemera. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Nyemba zapsa, ukwati walimba, ankhoswe tapuma. Nanga ludzu la mlongo wanga, chidulo chake n'chiti?