Nsomba Zofiira za a Mithal

Kwathu ku Jacobabad, dzuwa la mu Juni limasungunula phula pamsewu. Koma a Mithal, telala woyandikana nafe, ankaweta nsomba zofiira m'bokosi lagalasi, ndipo sinafepo ngakhale imodzi.

Magetsi akazima, ankakulunga galasilo ndi chiguduli chonyowa n'kumalikupiza ndi dzanja. Madzi owonjezera ankatunga mumtsuko wadothi, kapu imodziimodzi.

Tsiku lina ndinawapititsira ayezi kuti aponyemo. Anandikalipira: "Iwe, ukufuna kundiphera ana? Kuzizira kodzidzimutsa kumapha kuposa dzuwa!"

Akazi awo anaseka. "Ine zaka makumi atatu m'nyumba muno, bambowa sanandikupizepo."

Ndinaviika chala m'madzimo. Anali ozizira ngati a pachitsime. Nkhalambayo, thukuta lili kamukamu, inangosintha dzanja n'kupitiriza kukupiza.